Pakhonde la Katekisiti: Lipoti Si Ciweruzo



Lamulungu lina, titatsiriza mapemphero pa kachalichi kathu ka kumudzi, anthu atayamba kubalalika, mai wina wamasiye anatsalira pa mpando wakumbuyo. Ife tinayesa kuti afuna kulembetsa mdzukulu ku kalasi ya ubatizo. Koma titafika pafupi tinaona kuti agwira envulopu yakhaki ndi manja onse awiri, maso ali pansi.

"Aphunzitsi, mlandu uja watha," anatero. "Citsime capita, mango apita. A saveya alemba kale."

Tinawafunsa kuti: "Kodi amai, woweruza wagamula liti?" Iwo anati woweruza anali asanagamule, ndipo tsiku lobwerera ku khoti linali likali patsogolo, kutatsala milungu itatu. "Koma ndikapitirenji? Munthu wophunzira wapima ndi makina, walemba m'Cingerezi, wadindapo cidindo. Ine wosatha kuwerenga ngakhale kalata ya mwana wanga ndikanene ciyani?"

Nkhani yao inali yotere. Malemu amuna ao anasiya kafamu kakang'ono kunja kwa mzinda wa Chipata, kokhala ndi taitolo yake. Munthu wina atagula malo oyandikana nao, anamanga mpanda wa waya umene unadutsa pakati pa mitengo ya mango, nusiya citsime ku mbali yake. Anakambirana, kumvana kunakanika, ndipo nkhani inakafika ku khoti. Khoti linatuma wopima malo kuti akapeze mabikoni ndi kulemba lipoti. Tsiku limene wopimayo anabwera, maiwo anali ku maliro a mlongo wao ku Lundazi. Pobwerako anapeza lipoti litalembedwa kale, likunena kuti mpanda uli pa malire enieni.

Mwezi uno tafuna kuti tikambirane za mapepala otere, pakuti maiwa sali okha. Ambiri a ife timaopa pepala lodindidwa koposa m'mene tiopera njoka, ndipo timataya minda ndi nyumba mlandu usanathe, cifukwa cosadziwa kuti khomo likali lotsekula.

KODI KHOTI LITUMIRANJI MUNTHU?

Woweruza amakhala m'nyumba ya khoti, pamene munda uli m'mbali mwa Msandile, puloti ili ku Kapata kapena ku Mchini. Ndi makutu okha sangadziwe pamene pali bikoni, ngakhale mtengo weniweni wa nyumba imene abale akukanganirana. N'cifukwa cake khoti limatuma munthu wodziwa nchitoyo: wopima malo pa nkhani ya malire, woyerekeza mtengo wa nyumba ndi katundu pamene cuma cigawidwa, kapena wodziwa mabuku a ndalama pamene anthu asiyana maganizo pa bizinesi ya malemu. Nthawi zina khoti lenilenilo limanyamuka kukaona malo ndi maso ake, eni mlandu onse alipo.

Mwambo umenewu si wacilendo kwa ife. Kale mfumu ikamva mlandu wa malire inkatuma nduna kuti zikayende m'mundamo, zikaone culu, mtengo wa msuku kapena khwawa limene akulu anaika kukhala malire. Koma ndunazo zikabwerako sizinkagamula. Zinkafotokoza pa bwalo zimene zaona, eni mlandu namva, nayankhapo, ndipo wogamula inali mfumu. Ku khoti la boma zili cimodzimodzi. Wotumidwa ndi maso a khoti cabe, mwini kugamula ndi woweruza. Lipoti ndi umboni, ndipo umboni uliwonse umafunsidwa ndi kuyesedwa. Khoti lingaulandire wonse, lingalandire mbali imodzi, lingaukane, kapena lingalamule kuti nchitoyo icitidwenso.

Mu 1976 khoti lalikulu koposa la Supreme Court, poweruza mlandu umene munali katswiri wozindikira zolemba za pamanja, linafotokoza kuti zonena za katswiri ndi maganizo ake othandiza khoti, koma khoti liyenera kuona zimene katswiriyo watsamirapo ndi kudzigamulira lokha. Ngati zili tero kwa katswiri wa zolemba, zili teronso kwa katswiri wa malire.

Komabe tisanamizane. Woweruza amalemekeza lipoti la munthu amene iye mwini anamutuma, makamaka pamene palibe wolitsutsa. Mukakhala cete, khoti limayesa kuti mwavomera. Safunsa anadya phula.

ZIMENE ZINAONEKERA AGOGO ATHU

Ife a kuno kum'mawa tiyenera kudziwa bwino kuposa ena kuti pepala lolembedwa ndi anthu ophunzira lingathe kulakwa. Angoni a Mpezeni atagonjetsedwa mu 1898, dziko lalikulu lozungulira Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, linali m'manja mwa kampani ya North Charterland. Mu 1924 boma la atsamunda linakhazikitsa kabungwe kotsogozedwa ndi woweruza Sir Philip Macdonell kuti kaone malo oti anthu akuda azikhalamo. Kabungweko kanalemba lipoti lake, ndipo mu 1928 marizevu anakhazikitsidwa. Midzi yambiri inasamutsidwa kucoka pa nthaka yabwino, imene inasungidwira azungu oyembekezeka kubwera. Azunguwo sanabwere ambiri monga kunaganizidwira. Nthaka yosungidwa ija inangogona, pamene m'marizevu anthu anapanikizana, minda niguga. Pomaliza, mu 1941, boma linagula gawo lalikulu la malo a kampaniyo ndi kuyamba kubwezeramo anthu.

Agogo athu analibe khomo logogodapo kuti anene kuti olemba aja alakwitsa. Ife khomo tili nalo, ndipo kulisiya osagogoda n'kudzilakwira tokha pamodzi ndi ana athu.

TSIKU LOPIMA LISANAFIKE

Kutsutsa lipoti kumayamba lipotilo lisanalembedwe.

Coyamba, pitani kwa kalaliki wa khoti mukapemphe kope la lamulo limene khoti lapereka kwa wotumidwayo, kuti mudziwe cimene watumidwa. Munthu amene wauzidwa kukapeza mabikoni sanauzidwe kukanena mwini wa malo. Akalemba zopyola pa zimene anatumidwa, ndiye kuti walima m'munda wa woweruza, ndipo cimeneco mungacinene ku khoti.

Caciwiri, funsani tsiku ndi nthawi imene adzabwera, ndipo siyani nambala ya foni imene mungapezekepo. Kukagwa zovuta kapena matenda, dziwitsani khoti ndi kalata kuti tsikulo lisinthidwe. Zikakanika, tumani munthu wamkulu wodziwa malire bwino. Koma pamene mungathe, pitani nokha, paja kandimverere anakanena za m'maluwa.

Cacitatu, sonkhanitsani mapepala anu onse: taitolo pamodzi ndi mapu ake, kalata ya khonsolo, malisiti a lendi ya nthaka, kalata ya mfumu, pangano logulira. Wotumidwayo mumpatse makope ojambulitsa, enieniwo asacoke m'manja mwanu.

Cacinai, itanani mboni zimene zinalipo pamene malire anaikidwa, osati abale ongobwera kudzakweza mau. Mwana wa sukulu mmodzi agwire kope ndi pensulo, alembe amene analipo, nthawi imene anayamba ndi kutsiriza, pamene wopima anaimika makina ake, ndi munthu amene anamuonetsa bikoni iliyonse. Amene ali ndi foni yojambula ajambule.

Cacisanu, musampatse wotumidwayo mphatso iliyonse. Tidziwa kuti kwathu mlendo sabwerera cimanjamanja, ndipo kumgwirira nkhuku ndi ulemu. Koma munthu ameneyu sanabwere kudzaceza. Nkhuku imeneyo mnzanu wa mlandu adzaichula ku khoti ndi dzina lina, ndipo idzaipitsa lipoti ngakhale likhale loona. Ndalama zolipira nchito yake muzipereke m'njira imene khoti lanena, ndi kulandira lisiti.

LIPOTI LIKATULUKA

Lipoti likaperekedwa ku khoti, pemphani kope lanu msanga. Musakhutire ndi kuuzidwa ndi munthu kuti "lakukomerani" kapena "lakuipirani". Khalani pansi ndi wina wodziwa Cingerezi amene mumkhulupirira, muliwerenge mzere ndi mzere, mukudzifunsa mafunso awa. Kodi wolembayo anacita zimene khoti linamutuma? Kodi mbali zonse ziwiri zinaitanidwa, ndipo zinalipo? Kodi anagwiritsa nchito mapepala ati, ndipo manambala a puloti ndi a mapu ndi olondola? Kodi zimene walemba anaziona yekha, kapena anauzidwa? Kodi miyeso yake igwirizana ndi imene ili pa taitolo? Kodi ali pa cibale, pa cikwati kapena pa malonda ndi mmodzi wa eni mlandu?

Ndi mai aja tinacita comweco. Tinakhala pakhonde pamodzi ndi mdzukulu wao wa Giredi 12, taitolo ili uku, lipoti lili uku. Tinapeza zinthu zitatu. Lipotilo linavomera lokha kuti maiwo panalibe, ndipo silinasonyeze kuti analandira cidziwitso. Linatinso mwa mabikoni anai, atatu okha ndiwo anapezeka, ndipo malo a yacinai anasonyezedwa ndi wanchito wa mwini mpanda, pamene panali kacitsulo kokhomedwa pansi. Cacitatu anacipeza ndi mdzukulu uja: pa mapu a taitolo mbali ya kumsewu inali mamita 150, koma pa cojambula ca m'lipoti inali mamita 138.

Mamita 12 amveka ocepa. Koma popeza famuyo inalowa mkati mamita 100, ndipo ngodya imodzi ndiyo inasuntha, nthaka yodulidwayo inali pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anai a lima, paja lima ndi mamita 50 m'litali ndi 50 m'lifupi. Ndipo m'kagawo komweko ndimo munali citsime cothirira dimba, cimene cinali kulipirira ana awiri sukulu.

KATSUTSIDWE KAKE

Kutsutsa lipoti si kukalipa. Woweruza amamva tsiku ndi tsiku anthu onena kuti "lipotili ndi labodza", ndipo mau amenewo samthandiza kanthu. Cimene afuna ndi cala coloza pa tsamba lakuti, mzere wakuti, ndi cifukwa cake.

Tsono lembani zotsutsa zanu mwacidule, cimodzicimodzi, ndi kuphatikapo makope a mapepala ocitira umboni. Muzipereke ku khoti tsiku la mlandu lisanafike, mnzanu wa mlandu alandire kope lake, ndipo lanu lidindidwe kusonyeza tsiku limene munapereka. Ngati khoti laika masiku operekera zotsutsa, musawapyole. M'makhoti aakulu zinthu zotere zimaperekedwa ndi pempho ndiponso cikalata columbirira, ndipo pamenepa mpofunika loya. Ku khoti la Local Court maloya saimirira anthu, ndipo munthu amadzinenera yekha m'cinenero cake. Kulikonse kumene mlandu uli, amene sadziwa Cingerezi apemphe womasulira, asacite manyazi.

Pempho lalikulu koposa ndi lakuti wolemba lipoti aitanidwe ku khoti kuti mumfunse mafunso atalumbira. Pambuyo pake mungapemphe kuti malo apimidwenso nonse mulipo, kapena kuti mubweretse wopima wina wokhala ndi cilolezo ca boma, kapena kuti khoti lipite lokha kukaona. Dziwani kuti kupimanso kumadya ndalama, ndipo kawirikawiri wopempha ndiye amayamba kulipira. N'cifukwa cake muyambe mwatsimikiza kuti colakwaco ndi cacikulu, cokhoza kusintha ciweruzo, osati dzina la mudzi lolembedwa mokhota.

Ife Akatolika tili ndi citsanzo cabwino m'buku la Danieli, mutu 13. Khamu lonse linakhulupirira akulu awiri oneneza Suzana, cifukwa anali akulu ndiponso oweruza. Mnyamata Danieli sanaitane anthu kuti acite cipolowe. Anapempha kuti mlandu umvedwenso, nawapatula akuluwo, nafunsa aliyense payekha funso limodzi laling'ono, la mtundu wa mtengo umene anati anaonerapo chimolo. Mayankho anasiyana, ndipo mkazi wosalakwa anapulumuka. Funso laling'ono lolunjika limaposa mau ambiri aukali. Cotero kwa wopima malo mufunse mwaulemu: "Bwana, kodi bikoni yacinai munaiona ndi maso anu? Anakuonetsani malo ake ndani? Nanga kusiyana kwa mamita 12 ndi mapu a taitolo mukufotokoza bwanji?"

PA CUMA CA MASIYE

Malipoti ena amene amaliza mabanja ndi a cuma ca masiye. Lamulo la 1989 lonena za cuma ca munthu womwalira wosasiya wilo linaika magawo motere: pa 100 aliyense, 20 apite kwa mkazi kapena mwamuna wotsala, 50 kwa ana, 20 kwa makolo a malemu, ndi 10 kwa ena amene ankadalira malemuyo. Linatinso nyumba ikhale ya wotsalayo pamodzi ndi ana, ndipo wotsalayo akhalemo moyo wake wonse pokhapokha atakwatiwanso kapena kukwatiranso. Lamuloli silikhudza nthaka ya mafumu.

Magawo amenewa ndi omveka, koma amatsamira pa ndandanda ya katundu ndi mtengo wake. Ng'ombe khumi zikalembedwa zisanu ndi imodzi, kapena galimoto ikaikidwa mtengo wa njinga kuti mbale wina aigule mochipa, ana amasiye aberedwa ngakhale masamu a magawo akhale olondola. Woyang'anira cuma, amene ambiri timuchula kuti adiminisitireta, si mwini cuma. Khoti linamuika kuti alipire ngongole za malemu, agawe zotsala monga mwa lamulo, ndi kufotokoza m'mene wayendetsera zonse khoti likafuna. Akafuna kugulitsa katundu wa malemu, monga nyumba kapena puloti, ayenera kupeza cilolezo ca khoti. Wolandira gawo aliyense angapemphe khoti kuti woyang'anirayo abweretse ndandanda ndi malisiti, ndipo akapezeka kuti wasokoneza, khoti lingamcotse pa udindowo. Kulanda cuma ca masiye ndi mlandu wokhala ndi cilango, ndipo apolisi a Victim Support Unit amalandira madandaulo otere.

PA NTHAKA YA MAFUMU

Minda yambiri ya ku Kasenengwa, ku Chipangali ndi m'midzi yozungulira Chipata ilibe mabikoni kapena mapu. Malire ake ali m'mitu ya akulu, m'mizere ya nkhadze ndi khonje, m'zulu ndi m'makwawa. Makina a wopima angathe kunena kukula kwa munda, koma sangathe kunena amene anagwetsa mitengo poyamba, kapena amene nyakwawa inampatsa. Lipoti lonena za nthaka yotere popanda kumva nyakwawa, nduna ndi oyandikana nao limaima ndi mwendo umodzi.

Lamulo la nthaka la 1995 linavomereza kakhalidwe ka nthaka ya mafumu, ndipo linati munthu asanapatsidwe taitolo pa nthaka yotere, mfumu ndi khonsolo afunsidwe, pamodzi ndi aliyense amene nkhaniyo ingamkhudze. Mu 1999 khoti la Supreme Court linaweruza mlandu wa ana a bambo mmodzi, mmodzi mwa iwo atatenga taitolo ya malo a banja m'dzina lake yekha, ndipo linati abale akewo anayenera kufunsidwa. Cotero mukaona lipoti likungoti "uyu ali ndi taitolo", funsani kuti taitoloyo inabwera bwanji, ndipo okhala pa malopo anafunsidwa liti. Taitolo ndi umboni wamphamvu kwambiri, koma yotengedwa mwacinyengo khoti lingaifafanize. Lamulo lomwelo la 1995 linakhazikitsa bwalo la milandu ya nthaka la Lands Tribunal, limene linapatsidwa lamulo lakelake mu 2010.

M'maufumu ena ozungulira Chipata, bungwe la Chipata District Land Alliance linagwirizana ndi mafumu kuyenda m'malire a minda ndi kupereka zikalata za nthaka ya kumudzi. Amene muli nazo zikalata zimenezo muzisunge kutali ndi ciswe ndi mvula. Amene mulibe, itanani oyandikana nanu ndi nyakwawa mukali pa mtendere, muyende m'malire pamodzi, ana anu akuona, ndi kulemba zimene mwagwirizana.

CIWERUZO CIKAPEREKEDWA

Zingatheke kuti khoti lalandira lipoti ngakhale mwalitsutsa. Pamenepo patsala njira ya apilo. Kucoka ku Local Court apilo imapita kwa majisitireti, ndipo iyenera kulembetsedwa pasanathe masiku 30. Kucoka ku High Court imapita ku Court of Appeal, khoti limene linakhazikitsidwa mu 2016, ndipo nakonso masiku ake ndi 30. Masiku amenewa amathamanga pamene munthu akali kulira ndi kufunsa maganizo kwa abale. Dziwaninso ici: makhoti aakulu a apilo salola kawirikawiri kuti munthu ayambitse kumeneko nkhani imene sanainene m'khoti loyamba. Amene anakhala cete pamene lipoti linkawerengedwa adzavutika kulidandaula pambuyo pake. Madzi akatayika saoleka.

Amene alibe ndalama za loya apite ku ofesi ya Legal Aid Board ku Chipata, imene boma linaikira anthu osauka. Afunsenso ku parishi za a Cilungamo ndi Mtendere ndiponso a Caritas, amene amalangiza anthu pa nkhani za malamulo. Ndipo m'miphakati mwathu tisangopempherera mai wamasiye amene ali ndi mlandu. Wina amperekeze ku khoti, wina amwerengere mapepala, wina amthandize ya basi. Mutu umodzi susenza denga.

MAU KWA IFE AKHRISTU

Tisatseke nkhaniyi tisanayang'ane mbali inayo. Si lipoti lililonse lotiipira limene lili lolakwa. Opima malo ambiri amagwira nchito yao moona, pa dzuwa ndi m'minga, ndipo nthawi zina coonadi cimene apeza ndi cakuti wolowa m'munda wa mnzake ndife. Kutsutsa lipoti loona pofuna kungocedwetsa mlandu, kuti mnzathu atope kapena ndalama zimthere, ndi kuba kovala jekete. Kunena kuti wotumidwa wadya ciphuphu popanda umboni ndi kuipitsa mbiri ya munthu, ndipo lamulo lacisanu ndi citatu la Mulungu limatiletsa. Amene ali ndi umboni weniweni aupereke ku khoti ndi ku bungwe la Anti-Corruption Commission, osati pa mowa kapena pa citsime. Kuzula bikoni kapena kuisuntha usiku ndi mlandu pa malamulo a dziko, ndipo buku la Deuteronomo, mutu 19, linaletsa kale kusuntha malire a mnzako.

Kwa inu abale athu amene mumatumidwa ndi makhoti, ndiponso inu anyakwawa ndi nduna amene mumaitanidwa kukhala mboni: colembera canu ndi lilime lanu zisenza nsima ya ana a eni. Mfumu Ahabu sanalande munda wa Naboti ndi mkondo. Anaulanda ndi makalata odindidwa cidindo ca mfumu ndiponso mboni ziwiri zonama. Mukapeza kuti mbali imodzi palibe, ndi bwino kubwerera ndi kukauza khoti, kusiyana ndi kupima ndi diso limodzi. Mukazindikira kuti munalakwitsa, kuvomera pamaso pa woweruza sikucepetsa ulemu wanu.

Ndipo kwa tonse: pamene kumvana kungatheke, timvane tisanafike ku khoti. Milandu ya malire imadya mbuzi, ng'ombe ndi zaka, ndipo ikatha anthu awiri aja amakhalabe oyandikana, ana ao namwa citsime cimodzi. Cibale ndi fupa, siciola.

Mwina mufuna kudziwa m'mene inathera nkhani ya mai aja. Loya wothandiza osauka anawalembera zotsutsa zitatu zija, ndipo wopima malo anaitanidwa. Atafunsidwa za bikoni yacinai, anavomera mosabisa kuti sanaione, anangotsata kacitsulo kamene anamuonetsa. Woweruza analamula kuti malo apimidwenso, onse awiri alipo. Tsikulo ife tinapita nao. Atayesa kucokera pa mabikoni atatu odziwika aja, wopima analoza pa tsinde la culu, nati akumbe. Khasu litalowa pang'ono linagunda simenti: bikoni inali pomwepo, itakwiririka ndi dothi la zaka zambiri.

Citsime cinabwerera kwa maiwo, pamodzi ndi mitengo isanu ya mango. Koma mitengo iwiri yakumapeto inapezeka kuti ili kunja kwa malire ao. Malemu amuna ao anaibzala molumpha mzere, mwina mosadziwa. Izi zinawapweteka, pakuti mtengo umodzi mwa iwiriyo ndiwo unali wa mango okoma koposa, ndipo pobwerera anayenda mtunda wonse osayankhula. Titafika pa mphambano anaima nati: "Aphunzitsi, ndinapempha kuti coona cioneke. Caoneka, ndipo cina candiluma. Ndicilandira." Mpanda unasunthidwa. Pa citsimepo anchito a mnzao uja amatungabe madzi, pakuti maiwo sanawaletse.

Tikupemphani tsono, okondedwa awerengi, kuti mwezi uno mutulutse mapepala a munda wanu, a puloti yanu kapena a nyumba yanu, muwawerenge pamodzi ndi banja lonse, ndipo mukawaonetse ana pamene pali mabikoni. Ngati mumphakati mwanu muli wina amene wagwira envulopu yakhaki namati mlandu watha, mumfunse funso limene tinafunsa mai aja: kodi woweruza wagamula liti?

Ambuye akusungeni, ndipo Amai Maria akupempherereni, kufikira tidzakumanenso pakhonde pano mwezi wamawa.